Mfumu Chimbwinda Ilowa Sitandade Thu

Ku ufumu wa Indebwana anthu ankaphunzira kuvomera asanaphunzire kuyenda. Mwana akabadwa azamba sankadikira kuti alire, ankadikira kuti agwedeze mutu. Mfumu ya dzikolo inali Chimbwinda Wachiwiri, munthu wa mimba yotsogola ndi mtima wabwino ndithu, koma amene chibadwire sanamvepo mawu akuti "ayi" kupatula pamene ankawanena yekha.

Tsiku lina Mfumuyi inapita ku ukwati m'dziko loyandikana nalo la Tidatsogola. Kumeneko, nyama ili m'kamwa, mwini ukwati anadzitama kuti kwawo aphunzitsi amawasula motsatira kafukufuku. Chimbwinda anagwedeza mutu ngati wamva, koma mawuwo anamuyabwa ulendo wonse wobwerera. Atangofika anaitanitsa nduna zake.

"Kodi ife kuno kafukufuku tili naye?"

Nduna zinayang'anizana. Ya Zaulimi, posafuna kuoneka mbuli, inadzuka n'kunena kuti alipo wambiri zedi, moti chaka chino watha chinangwa cha anthu kumunsi kwa mtsinje. Nduna ya Zamaphunziro, a Gwaza, anadikira kuti mnzawoyo akhale pansi bwinobwino, kenaka anafotokoza kuti chimene chikutha chinangwa ndi mfuko. Kafukufuku ndi mapepala, ndipo unduna wawo uli naye wodzaza chipinda, kungoti amene amasunga makiyi wapita kumaliro.

"Mawa ndimuone," inatero Mfumu.

Umu ndi mmene dzina la mayi Dorika Salijeni linatulukira m'fumbi. Dorika ankaphunzitsa pa Koleji ya Aphunzitsi ya Bwerezani, kumene ophunzira ankakhala m'mizere n'kumayimba pamodzi kuti, "Mphunzitsi wabwino saloweza, ndipo salowezetsa ana." Akamaliza, mkulu wa kolejiyo ankawauza kuti abwereze mpaka alowe m'mutu. Anali mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wosakonda misonkhano. Kwa zaka zambiri ankakwera matola kupita m'sukulu za kumidzi kumene ophunzira ake akale ankagwira ntchito, n'kukhala pa njerwa kumbuyo kwa kalasi, akungoyang'ana.

Zimene ankaona zinkamuwawa. Mnyamata amene anakhoza bwino koposa onse pa Bwerezani anamupeza ataima kutsogolo kwa chikhamu cha ana pansi pa mtengo, ana akuponyerana mango. Mtsikana wina anangoika choko pansi n'kukakwatiwa. Koma analipo ochepa amene kalasi inkawamvera, ndipo Dorika atawafunsafunsa anapeza kuti onsewo anagwirapo ana enieni adakali pa maphunziro, mphunzitsi wodziwa ntchito atakhala kumbuyo, ndipo phunziro likatha awiriwo ankakhala pansi n'kukambirana pamene panavuta. Zonsezi anazilemba m'buku lonenepa n'kulipereka kwa mkulu wa koleji, amene analilandira ndi manja awiri chifukwa chitseko cha ofesi yake chinkadzitseka chokha nthawi yotentha.

Usiku usanagwe bukulo linachotsedwa pachitseko n'kupukutidwa. Mkulu wa koleji anawerenga tsamba loyamba ndi lomaliza n'kufotokozera mlembi wa unduna. Mlembiyo anafotokozera a Gwaza pafoni, iwo akudya. M'mawa mwake Dorika anamuitana kubwalo la Mfumu, koma ntchito yake inali kuima pafupi ndi mzati atanyamula bukulo kuti Mfumu ione kunenepa kwake. Wolankhula anali a Gwaza.

"Mwinidziko, kafukufuku wathu, amene ndinamulamula ine ndemwe, wapeza kuti aphunzitsi aziyeserera pa ana."

"Basi?" inafunsa Mfumu, ikuyang'ana bukulo.

"Masamba enawo ndi moni chabe, wawa."

Dorika anatsegula pakamwa, koma msilikali amene anali pambali pake anamuponda chala cha kuphazi mwaulemu. Akuluakulu sananame, kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mtsutso unabuka pa nkhani ya anawo. Nduna ya Zaumoyo inati ana enieni amayenda ndi mamina, ndipo pansi pa kolejiyo angopakapo polishi. Nduna ya Zachitetezo inati vuto lalikulu si mamina ayi. Ana amafunsa mafunso, ndipo funso ndi mphwake wa chipolowe. A Gwaza, amene mumtima ankadziwa zimene ana enieni angachite kwa aphunzitsi a pa Bwerezani dziko lonse likuona, anadzuka ndi nzeru yothetsa zonse. Anati boma lipereke ana akeake, ana ovomerezeka, odziwa mwambo. Ndipo m'dziko lonselo ndani ankadziwa mwambo kuposa nduna ndi alembi aakulu?

Lamulo linalengezedwa masana omwewo: kuyambira Lolemba, nduna iliyonse ndi mlembi wamkulu aliyense azipita ku Bwerezani atavala kabudula kukakhala mwana wa sitandade thu.

Loweruka Dorika anapita kumsika wa Tangoonani kukaona mlamu wake Nabiyeni, amene ankagulitsa kaunjika. Anapeza benchi ili mbee.

"Alamu, mwandithandiza," anatero Nabiyeni. "Makabudula onse aakulu atha. Nduna ina yandipempha kuti ndilumikize awiri. Telala wapakona uja wasoka wa Nduna ya Zachuma ndi nsalu ya katani, ndipo akuti yatsala yokwanira mpango wokha."

"Musandiseke, alamu. Zaka zonse zija ndinkapsa ndi dzuwa kuti zithere apa?"

"Nanga munkalembera ndani? Kuno munthu akalemba zambiri amathandiza chitseko." Nabiyeni anakalipira ana amene ankagubuduzana pa thumba la malaya, kenaka anatembenuka. "Paja mwati mukusowa ana enieni? Tengani awa. Atisokosa kuyambira m'mawa. Ali ndi mamina omwe, sitichotsera."

Dorika anaseka, koma pobwerera kunyumba sanaseke. Loweruka lotsatira anafika kumsikako ndi ophunzira ake angapo amene anavomera kutaya tsiku lawo lochapa. Kuseri kwa mabenchi a kaunjika, pakati pa ogulitsa makala ndi okazinga chiwaya, anasonkhanitsa ana a pamsika n'kuyamba. Iye ankakhala pa kreti kumbuyo. Tsiku loyamba ophunzira awiri analira. Wina, Lekeleni Mbalule, mwana anamuluma. Lekeleniyu anali wochokera ku Kumathero, mudzi wa kumalire kumene sukulu inali ndi belu koma inalibe mphunzitsi, ndipo anthu akwawo anamutumiza ku koleji atamulonjezetsa kuti adzabwerera. Atamangidwa chala anafunsa Dorika kuti walakwitsa pati.

"Unalankhula wekha nthawi yonse," anatero Dorika. "Mwana manja ake akasowa chochita, mano amagwira ntchito."

Pakati pa sabata, ku Bwerezani zinthu zinkayenda ngati mafuta. Nduna zinkafika pa magalimoto, madalaivala n'kuzinyamulira zikwama mpaka pakhomo la kalasi. Zinkakhala pa timadesiki mawondo ali m'chibwano. Wophunzira akafunsa kuti "Mwamva, ana inu?" denga linkagwedezeka ndi "Tamva, aphunzitsi." Mnyamata wina wamwano anayesa kuphunzitsa kuti nkhuku ili ndi miyendo itatu. Ana a boma anabwereza mokweza, ndipo Nduna ya Zaulimi inalonjeza kuti unduna wake ufufuza kumene mwendo wachitatuwo wakhala ukupita. Ophunzira onse anakhoza. Sizinachitikepo chiyambire.

A Gwaza anaitana Dorika ku ofesi kwawo. Anali adakali mu kabudula, mawondo otuwa ali pamtunda.

"Mayi, Mfumu ikubwera kudzaona yokha. Pamapeto pake mudzaimirira n'kunena kuti zimene munalemba zatsimikizika. Mukatero, mkulu wa koleji uja watopa, mpando ndi wanu."

"Bwana, ine ndinalemba za ana."

"Nanga ife ndife chiyani?"

Dorika anangoyang'ana mawondowo.

"Mukakana," anapitiriza a Gwaza, "ndamva kuti pali ophunzira ena amene amakayeserera pa ana osavomerezeka kumsika. Amenewo satifiketi sadzaiona. Inunso tidzakutumizani kukafufuza chifukwa chake mbuzi zimadya choko."

Mbuzizo sizinamuopse. Koma ankaona nkhope ya Lekeleni ndi anzake aja, ndipo anatuluka mu ofesimo asakudziwa chimene adzanene.

Tsikulo litafika, holo ya koleji inadzaza. Anthu a kumsika anaunjikana m'mawindo. Kutsogolo anaikako mpando wachifumu wa zikopa, koma Mfumu itatsika m'galimoto anthu onse anayang'ana pansi nthawi imodzi. Inali itavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Inati yamva kuti nduna zake zikusangalala kusukulu, ndipo iyo chibadwire sinalowepo m'kalasi, popeza aphunzitsi ake ankabwera kunyumba yachifumu akukwawa n'kuchonga zonse asanawerenge. Lero ikufuna kukhala mwana.

Mnyamata amene a Gwaza anamukonzekeretsa kuti aphunzitse, mphwawo wa akazi awo, ataona Mfumu ikudzipanikiza pa desiki ya kutsogolo anati, "Mwadzuka bwanji, ana," n'kugwa chagada. Anamutulutsa atamugwira miyendo. Ophunzira ena onse anayamba kufunafuna zinthu m'zikwama. Maso a Dorika anakumana ndi a Lekeleni.

"Madamu, mukufuna kundiphetsa," ananong'ona Lekeleni.

"Sindikukukakamiza. Koma tayang'ana bwino. Mwana wa pa desiki ya kutsogoloyo wachita kale chiyani?"

Lekeleni anayang'ana. Mfumu inali itatsina khutu la Nduna ya Zachitetezo, ndipo tsopano inkapinda pepala kuti igende a Gwaza.

"Manja asowa chochita," anatero Lekeleni. Anapuma mozama, napita kukatenga ndowa ya madzi ndi malalanje amene anakonzera ana a kumsika.

Anayamba phunziro. Mfumu inakweza dzanja n'kupempha kupita panja. Itabwerako inayamba kuimba mluzu. Nduna, posadziwa ngati mluzuwo ndi lamulo, zinayamba kuimba nawo. Apa Lekeleni analimba mtima, chifukwa phokoso lotere ankalidziwa.

"Chimbwinda, bwera kuno. Undigwirire malalanjewa."

Dzina limenelo lopanda chovala linali lisanamvekepo chimwalirire amayi ake. Koma Mfumu inadzuka mokondwa, desiki ikubwera nayo m'chiuno, mpaka asilikali anaichotsa.

Lekeleni anaiuza kuti iponye lalanje limodzi m'ndowa. Linayandama. Kenaka anaipatsa lina kuti isende. Mfumu inasenda ndi zikhadabo, lilime lili panja, madzi a lalanje akutsikira m'chigongono.

"Tsopano losendali tikaliponya, liyandama kapena limira?"

"Liyandama," inatero Mfumu. "Lapepuka. Ndalivula."

"Ana ena mukuti bwanji?"

"Liyandama, aphunzitsi," zinayankha nduna zonse ngati kwaya.

"Ponya tione."

Lalanjelo linatsika mwakachetechete n'kukakhala pansi pa ndowa.

Nduna ya Zachitetezo inali yoyamba kupeza mawu. Inati madzi amenewa afufuzidwe, chifukwa mtsinje umene anatungako umachokera ku Tidatsogola. A Gwaza anati malinga ndi mmene iwo akuonera pamene akhalapo, lalanjelo layandama ndithu, kungoti layandamira pansi.

"Ayi," anatero Lekeleni. "Lamira. Chimbwinda, walakwa. Koma unaganiza, ndipo chifukwa chimene unapereka n'chomveka. Tiye tipeze pamene chatiphonya."

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono. "Wati ndalakwa?"

Dorika anaona msilikali akumasula unyolo palamba. Miyendo inamunyamula yokha mpaka pakati pa holo.

"Mwinidziko, mwanayu alibe mlandu. Ndine ndinamuphunzitsa kutero. Ngati pali womangidwa, ndine."

"Inu kumbuyoko khalani chete," inatero Mfumu osamuyang'ana. "Tili m'kalasi."

Inali itatola khoko la lalanje. Inalitembenuza, inalifinya, inaliyang'anitsitsa mkati moyera muja. A Gwaza ankayesa kunong'oneza yankho limene iwonso sankalidziwa. Lekeleni anangokankhira ndowa pafupi. Mfumu inaponya khokolo m'madzi, ndipo linayandama lokha. Inalikanikiza pansi ndi chala, linabwerera pamwamba. Inalikanikizanso. Nthawi inapita ndithu, anthu m'mawindo akusinthana mapewa.

"Khokoli ndi lofutukuka ngati siponji," inatero potsiriza, ikulankhula yokha. "Muli mpweya. Ndiye kuti khokoli ndi limene limanyamula mnzake. Ndikalivula ndalilanda chonyamulira."

"Wakhoza. Wapeza wekha."

Nkhope ya Mfumu inachita chinthu chimene ojambula zithunzi za boma anali asanachionepo. Inaseka mpaka kabudula anang'ambika kumbuyo, ndipo sinasamale. Kenaka kuseka kunatha, n'kuyang'ana anzake a m'kalasi.

"Inu nonse munati liyandama."

"Tinatsata inu, wawa."

"Ndiye ndikanati ndowayi ndi ng'ombe mukanaikama? Ana opusa ngati amenewa sindinawaonepo." Inaloza Dorika. "Mayi inu wa buku lonenepa, kafukufuku wanu uja ananena ana awa?"

Nthawi imeneyi panalibe womuponda chala. Dorika ananena zimene anaona pa njerwa zija: kuti mphunzitsi amasulidwa ndi ana amene sadziwa, amene amatopa, amakana, amaluma, ndipo pambali pake pazikhala wina wodziwa ntchito womuunikira. Ananenanso kuti Lekeleni anaphunzira zimenezi kumsika, kuseri kwa kaunjika, pa ana osavomerezeka. A Gwaza anayamba kutsokomola.

"Anawo abwere kunyumba yachifumu mawa," inalamula Mfumu. "Ndikufuna anzanga oti tizikangana. Ophunzira a koleji ino azibwera mosinthana kudzayeserera pa ife, inu mutakhala kumbuyo. Mtsikanayu akhala mphunzitsi wanga."

Lekeleni anagwada, koma osati mothokoza. Misozi inali ikutsika. Anati kwawo ku Kumathero ana akumudikira, ndipo analonjeza pamaso pa mudzi wonse. Mfumu inakwinya nkhope. Inali isanazolowere kukanidwa kawiri tsiku limodzi. Dorika anaona kuti chingwe chatsala pang'ono kuduka.

"Mwinidziko, mwambo wa sukulu ndi wakuti mwana akakhoza mayeso amasiyana ndi mphunzitsi wake n'kupita kwa wina."

"Chabwino. Ndikakhoza apite."

A Gwaza anadumpha n'kunena kuti unduna wawo ukhoza kukonza mayesowo madzulo omwewo, ndipo zotsatira zake zili kale m'galimoto. Mfumu inawauza kuti akavale thalauzi.

Teremu imeneyo nyumba yachifumu inaona zimene makoma ake sanalote. Ana a pamsika ankalowa pachipata chachikulu opanda nsapato, asilikali akuwachitira sawatcha posadziwa chochita. Anathyola mphika wa maluwa wochokera kunja. Mwana wamkazi wa wogulitsa makala, dzina lake Siyeni, anakhala pa desiki imodzi ndi Mfumu ndipo ankaphimba kope lake ndi chigongono, akuti mnzakeyo amaonera. Mfumu inakadandaula kwa aphunzitsi, aphunzitsi anati Siyeni akunena zoona. Ophunzira a ku Bwerezani ankabwera m'magulu, ena ankalira tsiku loyamba monga mwa mwambo, ndipo masana Dorika ankakhala nawo pakhonde n'kukambirana pamene panavuta. Mpando wa mkulu wa koleji sanaupeze. Unapita kwa mnyamata anakomoka uja, poti anasonyeza ulemu waukulu kwa Mfumu. A Gwaza analandira mendulo chifukwa cha kafukufuku wawo, ndipo polandira analankhula nthawi yaitali za mmene ankapsera ndi dzuwa m'sukulu za kumidzi.

Mayeso atayandikira, Lekeleni ndiye ankaoneka ngati wolemba. Anaonda. Masamu ochotsera Mfumu inkawamva, koma kuwerenga inkathamanga n'kumapeka mawu amene panalibe, chizolowezi cha zaka zambiri zowerenga malipoti a nduna. Tsiku lina Lekeleni anafunsa Dorika ngati kungakhale kulakwa kuwonjezerako pang'ono pochonga.

"Ukawonjezera, Siyeni adziwa," anatero Dorika. "Ndipo akadziwa Siyeni, wadziwa msika wonse."

Sanawonjezere. Mfumu inakhoza mochita kukwawa, ili kumunsi kwenikweni, pamwamba pa ana ochepa amene anadwala chikuku sabata ya mayeso. Siyeni anatsogola. Lekeleni anakwera lole ya ku Kumathero m'mawa mwake, satifiketi ili m'kati mwa bulauzi, Mfumu isanasinthe maganizo. Dorika anamuperekeza pa siteji, ndipo lole itanyamuka anapita kukakhala pa benchi ya mlamu wake, kumene anthu anazungulira wailesi kudikira kuti amve mmene boma linenere nkhaniyi.

Itakwana nthawi ya nkhani, kunalira ng'oma ndi malipenga. Wowerenga anakonza kukhosi n'kulengeza kuti dziko lonse likondwere, pakuti mwa mafumu onse amene analemba mayeso a sitandade thu chaka chino, Mwinidziko Chimbwinda Wachiwiri wakhala nambala wani.

Pamsika panalibe wotsutsa. Anthu anangoyang'anizana modabwa, chifukwa aka kanali koyamba kuti wailesiyo inene zoona.